Nguli za m'kati mwa chitsulo: mphamvu ya maginito imathera kuti?

Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa funso lomwe ndinaliyankha msanga m'kalasi koma n'kuyenda nalo m'mutu mpaka kunyumba. Tinali titaika kampasi patebulo, ine n'kuyandikizapo maginito amene ndinachotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Muvi wa kampasi unatembenuka, n'kupitirira, n'kubwerera, n'kupitiriranso pang'ono, kenako n'kuima phee. Iye anakweza mkono nati, "Sala, muviwo unali ndi mphamvu yogwedezekera. Pamene waimapa, mphamvu ija yapita kuti?"

Ndinamuuza kuti ina yathera pa kukhulana kwa muvi ndi kamsomali kamene wakhalapo, ina yatengedwa ndi mpweya, ndipo yonseyo yasanduka kutentha kochepa koti chala sichingakumve. Yankho limenelo ndi loona. Koma madzulo ndikudutsa pamsika wa Kasungu ndinakumbukira kuti m'kati mwa chitsulo mwenimwenimo mulinso timivi tina tomwe timagwedezeka n'kuima, chonsecho mulibe kamsomali, mulibe mpweya, mulibe chokhulana nacho. Kumeneko funso la mwana uja limalimba kwambiri, ndipo akatswiri akhala akulimbana nalo kuyambira 1935.

Tiyambire pa elekitironi. Iliyonse ili ngati kamaginito kakang'ono, chifukwa ili ndi khalidwe lotchedwa spin, lomwe tingaliyerekeze ndi kuzungulira kosatha. M'zinthu zambiri timaginito timeneti timaloza uku ndi uku, n'kumafafanizana. Koma mu ayironi, cobalt ndi nickel timagwirizana zoloza mbali imodzi, n'chifukwa chake zitsulo zimenezi zimatha kukhala maginito.

Tsono amene munakwapulapo nguli pabwalo nthawi ya chilimwe mukudziwa kale chinthu chachikulu m'nkhaniyi. Nguli yosazungulira mukaiimika imagwa pompo. Yozungulira ikapendekeka siigwa ayi: mutu wake umayamba kulemba bwalo m'malere, uku thupi likuzungulirabe. Imakhala ngati ikudzandira. Timaginito ta m'chitsulo timachita chimodzimodzi. Mukatiyandikizira maginito ena, sitithamangira kuloza kumene tikukokedwera monga muvi wa kampasi, koma timayamba kudzandira mozungulira mbali imeneyo. Liwiro lake ndi lodabwitsa: pa mphamvu ya maginito ya tesla imodzi (tesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito), spin ya elekitironi imazungulira maulendo pafupifupi 28 biliyoni pa sekondi. Ndi liwiro la m'gulu la mafunde a Wi-Fi ndi a mafoni athu.

Fanizoli lili ndi polekezera, ndipo ndi bwino kupadziwa. Nguli imatopa, kuzungulira kwake kumachepa mpaka imagwa. Spin ya elekitironi siitopa. Chimene chimafa ndi kudzandira kokha: bwalo lija limacheperachepera mpaka timaginito tonse titaloza kumene tikukokedwa. Kufa kwa kudzandira kumeneku ndi kumene akatswiri amakutcha damping. Popanda kumeneku, maginito sakanatha kutembenuka n'kukhazikika, akanangodzandira mpaka kalekale, ndipo sitikanatha kulemba chilichonse pa hadi disiki ya kompyuta. Choncho kutaya mphamvu kumene tikunenaku si chilema chongofunika kuchichotsa. Ndi mabuleki. Njinga ya kabaza yopanda mabuleki siingatsike phiri, koma yomwe mabuleki ake akugwira nthawi zonse imamaliza mwini wake.

Lev Landau ndi Evgeny Lifshitz ndi amene analemba koyamba masamu a kayendedwe kameneka mu 1935 ali ku Kharkov. Mu 1955 T. L. Gilbert wa ku America anakonza mbali yokhudza kutayika kwa mphamvu, chifukwa masamu oyamba aja ankapereka yankho losamveka: ankaonetsa kuti mabuleki akachulukirachulukira, maginito azitembenuka mofulumirafulumira popanda malire. M'masamu a Gilbert muli nambala imodzi yotchedwa alpha, yomwe imanena kukula kwa mabulekiwo. Ikakhala 0.01, bwalo la kudzandira limachepa n'kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu pakatha maulendo ngati 16. Ngati kuzungulirako kuli maulendo 10 biliyoni pa sekondi, ntchito yonseyo yatha pasanathe magawo awiri a sekondi yogawidwa pa biliyoni. Chitsulo chotchedwa permalloy, chomwe ndi nickel magawo pafupifupi 80 ndi ayironi magawo 20 pa 100, chili ndi alpha ya pafupifupi 0.007. Ayironi wabwino ali pafupi ndi 0.002. Nickel payekha ali ndi yokulirapo maulendo angapo kuposa onsewa.

Koma alpha ndi nambala chabe. Imatiuza kuti madzi akutha mofulumira bwanji m'ndowa, osatiuza kuti ndowayo yabooka pati. Ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli, chifukwa maboowo ndi angapo, ena ndi a chitsulo chenichenicho, ena ndi a mmene tachiumbira, ena ndi a chimene tachigundanitsa nacho.

Ndisanafike pa maboowo ndinene za tinembanemba. Zipangizo za masiku ano sizigwiritsa ntchito mpukutu wa chitsulo koma kanembanemba kopyapyala kopakidwa pa kambale ka silikoni. Amatipanga m'chipinda chochotsedwa mpweya, momwe amawomba chitsulo ndi maatomu a mpweya wotchedwa argon, ndipo maatomu ogumuka pachitsulopo amakagwera pakambale kaja n'kumayalana mzere pamwamba pa mzere. Kukhuthala kwake amakuyeza m'mananomita, ndipo nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa pa miliyoni. Kanembanemba ka mananomita 5 kali ndi mizere ya maatomu yosapitirira 30. Tsitsi limodzi la munthu ndi lokhuthala kuposa pamenepo maulendo oposa 10,000. M'kanthu kotere atomu iliyonse ili pafupi ndi kunja, ndiye zochitika m'mphepete zimalamulira zochitika m'kati.

Nanga amayeza bwanji kutayika kwa mphamvu m'kanthu kosaoneka chonchi? Paja amati katungwe ndi kukankhana. Wokankha katungwe akamakankha pa nthawi yake, katungwe amakwera; akaphonya nthawi, palibe chimachitika. Akatswiri amaika kanembanemba pa kawaya kodutsa mafunde a microwave, n'kumasintha pang'onopang'ono mphamvu ya maginito akunja. Pamene liwiro la kudzandira lafanana ndi la mafundewo, kanembanemba kamameza mphamvu. J. H. E. Griffiths anaona zimenezi koyamba ku Oxford mu 1946, ndipo Charles Kittel anafotokoza masamu ake mu 1948. Chofunika si malo amene kumezako kwachitikira kokha, koma kutambalala kwake. Kumbukirani wailesi zakale zopotokola: siteshoni ina inkamveka pamalo amodzi enieni, kungosuntha pang'ono yathawa, pamene ina inkamveka mbali yaitali. Kanembanemba kotaya mphamvu pang'ono kamameza pamalo opapatiza, kotaya zambiri kamameza pamalo otambalala.

Bowo loyamba, lomwe silingatsekeke, lili m'chitsulo momwemo. Kuti kudzandira kufe, mphamvu iyenera kuchoka ku spin n'kupita ku maatomu omwe amanjenjemera, pakuti kutentha ndi kunjenjemera kwa maatomu. Vuto ndi loti spin payokha siidziwa kuti maatomu ali pati. Mlatho wake ndi woti elekitironi siimangozungulira pa iyo yokha, imayendanso mozungulira atomu, ndipo mayendedwe awiriwa ndi omangirirana. Akatswiri amati spin-orbit coupling. Maginito akamadzandira, amakoka pang'ono njira zomwe maelekitironi amayendamo, njira zina n'kukwera mphamvu, zina n'kutsika. Maelekitironi amayesa kusamukira kumene kwatsika, koma amachedwa, ndipo pamene akufika maginito amakhala atasunthanso. Kutsalira m'mbuyo kosalekezaku ndi kumene kumadya mphamvu. Vladimír Kamberský wa ku Prague anafotokoza zimenezi mu 1970, n'kuzikulitsa mu 1976.

Pali china chokoma pamenepa. Maelekitironi akamayenda mtunda wautali osagundana ndi kanthu, monga zimakhalira m'chitsulo choyera chozizira kwambiri, amachedwa kukhazikika, ndipo kutayika kumakula. Akamagundana pafupipafupi, monga m'chitsulo chotentha kapena chosakanikirana, njira ina imatseguka: elekitironi imadumphira pa mulingo wina wa mphamvu, ndipo kutayika kumakulanso. Pakati pa ziwirizi pali chigwa pomwe kutayika kumakhala kochepa. N'chifukwa chake nickel ndi cobalt woyera amataya mphamvu zambiri akazizidwa kwambiri, zomwe munthu sangaziyembekezere poyamba. Mu 2007 Gilmore, Idzerda ndi Stiles anawerengera masamu a Kamberský pa kompyuta za ayironi, cobalt ndi nickel, ndipo zinagwirizana bwino ndi zoyezedwa.

Kuti muone kuti maelekitironi oyendayenda ndiwo mbava yaikulu, yang'anani chinthu chomwe chili maginito koma sichidutsa magetsi. Mwala wopangidwa wotchedwa yttrium iron garnet uli ndi alpha yomwe imatsika mpaka cha m'ma 0.00003, kuchepera permalloy maulendo oposa 100. Umo kudzandira kumapitirira maulendo masauzande kusanafe. Koma zipangizo zambiri zimafuna chinthu chodutsa magetsi, ndiye timabwererabe ku zitsulo ndi mavuto ake.

Bowo lachiwiri ndi lomwe amisiri athu amalidziwa ndi manja. Pali bambo wina kuno ku boma amene amakulunga mamota a zigayo ndi a mapampu. Tsiku lina nditaima pa shopu yawo ndinawafunsa chifukwa chimene chitsulo cha m'kati mwa mota chimakhalira timalata topyapyala tosanjikizana m'malo mwa chibulumwa chimodzi. Anandiyankha osadzutsa ndi mutu womwe, amvekere, "Aphunzitsi, chikakhala chimodzi chimatentha ngati mbaula." Akunena zoona. Maginito akamasinthasintha m'kati mwa chitsulo amadzutsa magetsi ozungulira momwemo ngati kamvuluvulu, mogwirizana ndi zomwe Michael Faraday anapeza mu 1831, ndipo magetsi amenewo amatenthetsa chitsulo. Kudula chitsulo kukhala timalata kumachepetsa bwalo lomwe kamvuluvuluyo angazungulire. Pa magetsi athu osinthasintha maulendo 50 pa sekondi, timalata tochepera theka la milimita n'tokwanira. Pa maulendo mabiliyoni, ngakhale kanembanemba ka mananomita 200 kamakhala kokhuthala kale. Kutayika kwa mtundu umenewu kumakula mofulumira: kukhuthala kukawirikiza kawiri, iko kumawirikiza kanayi. Mankhwala ake ndi osavuta, kungopyapyalitsa.

Koma mukapyapyalitsa, bowo lachitatu limatseguka, ndipo limeneli ndi limene linandidabwitsa kwambiri pamene ndinkaliwerenga koyamba. Kanembanemba ka maginito sikakhala kokha. Kamagonekedwa pa chitsulo china, n'kuvundikiridwa ndi chinanso kuti kasachite dzimbiri. Ofufuza a ku Japan, Mizukami ndi anzake, anaona cha mu 2001 kuti permalloy yemweyo akakhala pakati pa mkuwa alpha yake siisintha kwenikweni, koma akakhala pakati pa pulatinamu imakwera kwambiri, makamaka permalloy akakhala wopyapyala. Chonsecho pulatinamu si maginito. Mu 2002 Tserkovnyak, Brataas ndi Bauer anafotokoza chifukwa chake: maginito odzandira amapopera spin kunja kudzera m'malire, monga pampu ya mjigo imatulutsira madzi. Palibe magetsi amene amawoloka, maelekitironi olowa ndi otuluka ndi ofanana kuchuluka, koma otulukawo amanyamula spin yolozera mbali ina. Mu mkuwa spin imatha kuyenda mananomita mazana isanasokonezeke, choncho mkuwa ukakhala wopyapyala spin ija imagunda kumapeto n'kubwerera kwawo, osataya kanthu. Pulatinamu ndi atomu yolemera, mlatho uja wa pakati pa spin ndi mayendedwe ndi wolimba zedi, ndipo spin imafera momwemo isanayende ndi mananomita 10 omwe. Zili ngati kubwereka mnansi khasu: wina amabweza madzulo, wina likalowa m'nyumba mwake ndiye basi.

Popeza kutayikaku kumachitikira pamalire, kumapweteka kwambiri kanembanemba kochepa thupi: kukhuthala kukachepa ndi theka, kutayika kowonjezerako kumawirikiza kawiri. Taonani tsono mmene wopanga zipangizo amapanikizikira. Akakhuthalitsa, kamvuluvulu wa magetsi amadya. Akapyapyalitsa, mnansi amadya. Ndipo spin yothawira mu pulatinamu ija siingosowa chabe. Mu 2006 Eiji Saitoh ndi anzake anaonetsa kuti imadzutsa magetsi pang'ono m'mbali mwa pulatinamuyo, oti n'kuwayeza ndi mita. Chimene chinali kutayika chinasanduka njira yoonera spin ikuyenda.

Palinso mabowo ena omwe ndimawaona ngati achinyengo, chifukwa amatambalalitsa pomezera paja koma si onse amene ali kutayika kwenikweni. Poyesa, timafuna kuti timaginito tonse tidzandire pamodzi ngati amayi a chimtali oponda mofanana. Koma pamwamba pa kanembanemba pakakhala zigodi kapena timing'alu, kudzandira kofananako kumasweka n'kusanduka mafunde oyenda, ngati mphepo ikamadutsa pa udzu wa kudambo, apa pawerama apo paimirira. Mafunde amenewa amatchedwa magnon. Mphamvu imakhala isanasanduke kutentha, yangochoka m'gule wa onse n'kulowa m'magule a timagulu, koma woyeza amaona ngati yatayika. Arias ndi Mills analemba masamu a zimenezi pa tinembanemba mu 1999. Njira yozembera vutoli ndi kukoka maginito kuti aloze choimirira, kutulukira pamwamba pa kanembanemba m'malo mogona, pakuti potero sipapezeka mafunde a liwiro lofanana oti mphamvu ithawireko. Chinyengo china n'choti mbali zosiyana za kanembanemba zimasiyana pang'ono, ndiye iliyonse imameza pa malo akeake, monga kwaya yomwe aliyense wayamba nyimbo pa mawu osiyana pang'ono ndi mnzake. Kuti alekanitse, amayeza pa maliwiro ambiri. Kutayika kwenikweni kwa Gilbert kumakula molingana ndi liwiro, pamene kusiyana kwa mbali kuja kumakhala komweko.

N'chifukwa chake ine ndikaona alpha italembedwa payokha, popanda kunena kukhuthala kwa kanembanemba, chitsulo choyandikana nacho ndi mmene anayezera, sindiikhulupirira msanga. Chitsanzo chabwino ndi cha mu 2016, pamene ofufuza a ku NIST, bungwe la boma loona za miyezo, ku Boulder, m'dziko la America, anayesa zosakaniza za cobalt ndi ayironi. Pa cobalt magawo 25 ndi ayironi magawo 75 anapeza kutayika konse kuli pafupi ndi 0.002. Atachotsapo gawo la spin yopopedwera kwa anansi ndi gawo lobwerera m'kawaya koyezera komweko, chotsala cha chitsulo chenichenicho chinali pafupifupi 0.0005. Kunena kwina, mbali yaikulu ya zomwe anayeza siinali ya chitsulocho ayi. Ndipo chifukwa cha kuchepako chinagwirizana ndi maganizo a Kamberský: pa kusakaniza kumeneko, malo omwe maelekitironi angasamukireko amakhala ochepa kwambiri.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Kasungu, omwe nkhawa yathu ndi mitengo ya fodya ndi soya. Zithunzi zomwe timatumiza pa WhatsApp ndi Facebook, ndi zambiri zomwe zimasungidwa pa intaneti, zimakagona m'mahadi disiki a m'nyumba zikuluzikulu za makompyuta, ndipo kachipangizo kowerenga disikiyo ndi tinembanemba tosanjikizana. Kanachokera pa zomwe Albert Fert ndi Peter Grünberg anapeza mu 1988, zomwe analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2007. Kenako mu 1996 John Slonczewski ndi Luc Berger, aliyense payekha, anaonetsa kuti magetsi onyamula spin akadutsa m'kanembanemba amatha kukankha motsutsana ndi mabuleki aja. Akakankha mopitirira alpha, kudzandira kumakula m'malo mochepa, mpaka maginito atembenuzika. Umu ndi mmene memole yotchedwa MRAM imalembera, ndipo siiiwala magetsi akazima. Magetsi ofunika polemba amakwera molingana ndi alpha, ndiye kuchepetsa alpha ndi theka n'kuchepetsanso magetsiwo pafupifupi ndi theka. Kwa munthu amene amatchaja foni pa sola kapena kulipira pa shopu, batire lokhalitsa si nkhani yaing'ono.

Komabe si paliponse pamene amafuna alpha yochepa. Kachipangizo kolemba pa disiki kayenera kutembenuka n'kuima msanga, osapitiriza kunjenjemera pamene malo otsatira afika kale. Pamenepo amawonjezera mabuleki dala. Njira ina ndi kuthira pang'ono zitsulo za m'gulu la rare earth lija timalimva pa nkhani za migodi ya Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill ku Phalombe. Terbium, dysprosium kapena holmium wochepa chabe mu permalloy amakweza alpha maulendo ambiri. Gadolinium, m'bale wawo woyandikana ndi terbium pa tebulo la maelementi, sasintha zambiri, chifukwa maelekitironi ake opereka maginito anakhala mwa njira yoti mlatho uja wa pakati pa spin ndi mayendedwe umasowa pogwira. Kusiyana kwa elekitironi imodzi yokha kumabweretsa zonsezo.

Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi muja ndi maginito a m'sipika aja nditawamangirira ku ulusi, pamodzi ndi chivundikiro chokhuthala cha poto wa aluminiyamu chomwe ndinabwereka kunyumba. Tinayamba taonetsa kuti aluminiyamu sakokedwa ndi maginito. Kenako tinapachika ulusi pa mpando, maginito n'kumalendewera pamwamba pa tebulo, ndipo ana anawerenga kuti akugwedezeka kangati asanaime. Titaika chivundikiro pansi pake, pafupi zedi koma osakhudza, anaima msanga ngati alowa m'phala. Ndinauza mtsikana uja kuti apititse pepala pakati pa maginito ndi chivundikiro kuti atsimikize kuti sizikukhudzana. Anapititsa kawiri, kenako anagwira chivundikirocho ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati chatentha.